Za Pakhomo Pathu: Akufa Athu ndi Makhalidwe a Amoyo



Mwezi wa Korona wapita, ndipo talowa m'mwezi wa Novembala. Mitambo yayamba kusonkhana, mizere yaungidwa m'minda yambiri, ndi mbeu ziri chire kulindira mvula yobzalira. Mwezi womwe uno Eklezia, Amai athu, anaupatula kuti ukhale wokumbukira akufa. Pa 1 Novembala tikondwera pamodzi ndi Oyera onse a Kumwamba. Pa 2 Novembala tipempherera mizimu ya m'Purigatorio. Ndi masiku otsalawo tiikumbukira pa Misa ndi m'mapemphero a pakhomo. Koma ine lero sindifuna kukamba za kumanda zokha. Ndifuna tifunsane funso limodzi: kodi chimene tikhulupirira za moyo wa kutsidya kwa manda chioneka pati m'nyumba zathu? Pakuti munthu akhoza kuimba bwino za Kumwamba tsiku Lamulungu, koma chikhulupiriro chake chenicheni chidziwika pa mphasa ya wodwala, pa khomo la nkhokwe ya mkazi wamasiye, ndi pa ngongole imene iribe mboni.

Maliro awiri

Ndiyambe ndi zimene ndinaona ndi maso anga. Mudzi sindiutchula, pakuti zotere zichitika m'midzi yambiri.

Chaka china ndinaitanidwa ku maliro a bambo wina wa ana asanu. Masamba anali ataikidwa pamseu, amai anali m'nyumba ya siwa, ndi oimba anaimba usiku wonse nyimbo zokoma za chiyembekezo. Koma m'mawa, adzukulu asanabwere kumanda kudzanena kuti dzenje latha, ndinaona abale ena a malemu ataima kuseri kwa khola, nawerenga mbuzi. Wina anali atafunsa kale kumene kunali makina osokera, wina anayang'ana malata a padenga. Madzulo ake kunayamba manong'onong'o akuti imfa iyi siya Mulungu, ndipo dzina limene linatchulidwa linali la nkhalamba ina yosauka, yokhala yokha kumapeto kwa mudzi. Mwezi usanathe, mkazi wamasiye anatsala ndi mphika ndi mphasa, ndi nkhalamba ija inathawira kwa mwana wa mlongo wake kutali. Onse amene anachita izi anali obatizidwa.

Chaka chomwecho ndinaitanidwanso kwa gogo wina amene anadwala nthenda yaitali. Atalapa ndi kulandira Ukaristia, anati kwa mdzukulu wake: "Mwanawe, thamanga ukaitane amai a kutsidya kwa dambo." Atafika amaiwo, gogo anati: "Anzanga, pa njala ya 2002 munandibwereka dengu la chimanga, ndipo sindinabweze. Inu mwina munaiwala, koma kumene ndipita ine kulibe choiwalika. Tapani m'nkhokwe umo." Amaiwo analira, nakana, nati zinatha kale, koma gogo sanapume mpaka dengu linadzazidwa pamaso pake. Pambuyo pake anagawa yekha tinthu take, nauza ana ake kuti pa imfa yake pasakhale woloza mnzake chala, pakuti zaka zake zinakwana. Anamwalira patapita masiku atatu, ndi maliro ake anali a mtendere.

Taonani, abale anga: mabanja awiriwa anali a mpingo umodzi, ndipo anaphunzira katekisimu mmodzi. Kusiyana kwao kunali apa: kwa gogo uja moyo wosatha unali weniweni monga dengu la chimanga, kwa enawo unali nyimbo chabe.

Zimene makolo athu anadziwa

Tisayese kuti nkhani ya moyo wa akufa inafika m'dziko muno ndi azungu. Iai. Ansembe oyamba asanakocheze kwa Mponda mu 1889, asanamange ku Nzama mu 1901 ndi ku Mua mu 1902, ndiponso ku Likuni ndi ku Kachebere, makolo athu anadziwa kale kuti munthu satha ndi mpweya wake. Anati wakufa wapita kwa azimu, ndi kuti azimuwo ali pafupi ndi Chauta, ndipo aona zochitika pamudzi.

Chikhulupiriro chimenecho sichinali cha pakamwa pokha. Chinalamulira makhalidwe a tsiku ndi tsiku. Chifukwa cha icho nkhalango ya kumanda inasungika, kotero kuti ngakhale lero, m'madera amene mitengo inatha, mlendo adziwa manda ali patali poona msitu wobiriwira pakati pa minda. Chifukwa cha icho mwana wobadwa anapatsidwa dzina la agogo ake, kuti dzinalo lisafe. Munthu akalota malemu, banja linafulula mowa, kapena kuthira nsembe ya ufa patsinde pa mtengo. Mvula ikakana, mafumu anatumiza nsembe ku kachisi, monga ku Msinja kwa Makewana ndi ku Khulubvi kwa Mbona. Ndipo pamwamba pa zonse, anthu anaopa kuzunza mwana wamasiye kapena kunyoza nkhalamba, podziwa kuti mwini wake wa mwanayo, ngakhale ali m'manda, sanagone tulo tosaona.

M'zimenezi munali nzeru, ndipo Mkristu asaziseke. Koma munalinso katundu wolemera, ndiye mantha. Wakufa anakondedwa, koma anaopedwanso. Nthenda ikalowa m'nyumba, anthu anathamangira kwa woombeza ula kukafunsa mzimu umene wakwiya, kapena munthu amene walodza. Imfa ya munthu wamkulu kawirikawiri inafuna wolakwa, ndipo ambiri osachimwa anafa ndi mwabvi, kufikira boma linauletsa ndi lamulo la 1911, limene linaletsanso kutchula munthu kuti ndi mfiti. Mkazi wamasiye, pa nthawi imene anafuna chitonthozo, anayesedwa wodetsedwa, ndi m'madera ena anakakamizidwa miyambo yochititsa manyazi kuti mudzi uyere. Mantha a akufa ndiwo anapsinja amoyo ofooka.

Zimene Eklezia aphunzitsa

Mthenga Wabwino sunadze kudzatilekanitsa ndi akufa athu. Unadza kudzachotsa mantha, ndi kusiya chikondi. Chiphunzitso chake nchachidule, ndipo mwana aliyense wa Ukaristia woyamba achidziwa: munthu akafa, mzimu wake uonekera kwa Mulungu nuweruzidwa. Oyera kotheratu alowa Kumwamba. Okana Mulungu mpaka potsiriza adzipatula okha ku moto wosatha. Ndipo amene afa ali abwenzi a Mulungu, koma asanayere kwenikweni, ayeretsedwa m'Purigatorio, ali ndi chitsimikizo chakuti adzaona nkhope yake. Tsiku lomaliza matupi onse adzauka. Misonkhano yaikulu ya Aepiskopi, wa ku Florence mu 1439 ndi wa ku Trent mu 1563, inatsimikiza kuti Purigatorio alipo, ndi kuti mapemphero a amoyo, makamaka nsembe ya Misa, athandiza mizimu imene iri komweko.

Onani tsono kutembenuka kwa zinthu. Kale tinapereka kwa akufa kuti atileke. Lero tiwapempherera chifukwa tiwakonda. Kale tinafunsa kuti, "Kodi malemu afuna chiani kwa ife kuti asatibvute?" Lero tifunsa kuti, "Kodi tingawachitire chiani kuti afike msanga kwa Atate?" Mzimu wa amai anu suli m'tchire kulindira kuti mulakwe, uli m'manja mwa Mulungu. Ndipo iwo amene afika kale Kumwamba atipempherera ife. Ichi ndicho chiyanjano cha Oyera: mudzi umodzi wa zigawo zitatu, umene imfa siingaupasule.

Mwambo wopempherera akufa ngwakale ndithu. Buku lachiwiri la Amakabeo lisimba kuti Yuda, mtsogoleri wa nkhondo ya Ayuda, anasonkhetsa ndalama zasiliva nazitumiza ku Yerusalemu kuti aperekere nsembe ankhondo ake amene anafa. Tsiku la 2 Novembala linakhazikitsidwa ndi Odilo Woyera, mkulu wa nyumba ya amonke ya ku Cluny m'dziko la France, amene anamwalira mu 1049. Ndipo chimene ndifuna muchisunge nchakuti iye analamula kuti pa tsikulo, pamodzi ndi mapemphero, amonke agawirenso amphawi zachifundo. Kuyambira pachiyambi, kukumbukira akufa ndi kudyetsa osauka zinayendera pamodzi. Pambuyo pake, mu 1915, nkhondo yaikulu iri kupha anthu osawerengeka, Papa Benedict XV analola wansembe aliyense kupereka Misa zitatu pa tsiku limeneli.

Tsono tiyeni tilowe nacho chiphunzitsochi m'nyumba, tione kumene chiyenera kuonekera.

Pa mphasa ya wodwala

Alipo ambiri amene achedwa kuitana wansembe, poopa kuti wodwala akaona Bambo ndi mafuta oyera adzati, "Basi, andiyesa wakufa." Ena ayamba ayesa kwa sing'anga woombeza, nagulitsa nkhuku ndi mbuzi, ndipo atumiza mthenga ku Mishoni wodwala atasiya kale kulankhula. Abale anga, sakramenti la Kudzoza Odwala si chikwanje chodulira moyo. Ndi mankhwala a mzimu, ndi kawirikawiri lipatsanso thupi mphamvu. Amene akhulupirira kuti mbale wake ali pa ulendo wokaonana ndi Mulungu sam'mana kamba wa panjira. Pitani naye kuchipatala msanga, ndipo itanani wansembe iye akali ndi nzeru zake, kuti alape ndi pakamwa pake, ndi kukonza mau ake ndi abale. Chakudza sichiimba ng'oma.

Kumbukiraninso kuti thupi limene ligona pamphasapo, lowonda ndi lonunkha, lidzauka mu ulemerero. Chifukwa cha chikhulupiriro chimenechi a Mishoni ya ku Mua anatsegula mu 1927 malo osamalira akhate, pa nthawi imene anthu ambiri anathawa odwala otere. Ndipo chifukwa cha chomwecho mpongozi amene asambitsa apongozi ake okalamba, nawasinthira zofunda usiku, achita nchito yopatulika, ngakhale palibe womuona. Nchachisoni kuona munthu amene anagona chaka chathunthu wopanda bulangeti akuikidwa m'manda ndi bulangeti latsopano. Wakufa samva kuzizira. Mufunditseni akali moyo.

Pa maliro

Maliro nkulirana, ndipo mwambo wathu wosonkhana, wopereka chipepeso, wobweretsa ufa ndi nkhuni, ndi wabwino wosati nkuutaya. Ambuye Yezu mwini analira pa manda a bwenzi lake Lazaro. Koma pali zinthu ziwiri zimene sizigwirizana ndi ubatizo wathu.

Choyamba ndi kufunafuna mfiti. Nthenda ziri ndi magwero ake: malungo adza ndi udzudzu, chifuwa chachikulu chifala ndi mpweya, kolera ndi madzi oipa, ndipo ukalamba uli ndi malire ake. Amene pa maliro aloza nkhalamba chala, aonjeza tchimo pa chisoni, naphwanya lamulo lachisanu ndi chitatu loletsa umboni wonama. Mudzayankha chiani pa chiweruzo, gogoyo akadzaima pambali panu, Mulungu nanena kuti analibe mlandu? Madzi akatayika saoleka. Mbiri ya munthu ikaipitsidwa pa bwalo la maliro, siibwerera.

Chachiwiri ndi kudzionetsa. Ena akongola ndalama zambiri kuti bokosi likhale lonyezimira ndi chiliza chipose cha anansi, ana a malemu nasiya sukulu chifukwa chosowa fizi. Kuika mbale mwaulemu ndi nchito yachifundo, koma ulemu si mpikisano. Pano mundilole ndikuuzeni za mai wina wa mu Afrika muno, Monica Woyera, amai ake a Augustine Woyera. Kwao kunali ku Tagaste, m'dziko limene lero litchedwa Algeria, ndipo anali atakonzeratu manda ake pambali pa mwamuna wake. Koma nthenda inampeza pa ulendo, pa doko la Ostia pafupi ndi Roma, mu 387. Mwana wake wina anadandaula kuti amai adzafera kuchilendo. Monica anawauza ana akewo kuti asabvutike za kumene thupi lake lidzagona, pakuti palibe malo otalikira Mulungu. Chimodzi chokha anapempha, kuti azimkumbukira pa guwa la Ambuye kuli konse kumene adzakhala. Mau amenewa atonthoze inu amene abale anu anafera ku Johannesburg kapena ku Harare, ndipo munalibe ndalama zobweretsera thupi kumudzi. Simunawataye. Tsiku lomaliza Mulungu sadzasokera manda a munthu ali yense.

Pa nkhokwe ya wamasiye

Apa ndipo pali muyeso weniweni. Makolo athu, amene sanamve Mthenga Wabwino, anaopa kulanda za ana amasiye chifukwa anati malemu aona. Nanga ife, amene tidziwa kuti aona ndi Mulungu mwini, tidzachita zoipa kuposa iwo? Zioneka ngati ena anataya mantha a azimu, koma sanatole kuopa Mulungu, natsala opanda choopa chiri chonse. Munthu wotere ndiye awerenga mbuzi mtembo uli m'nyumba.

Boma la Malawi linakhazikitsa mu 2011 lamulo la chuma cha masiye, limene linati kulanda katundu wa malemu kwa mkazi kapena mwamuna wake ndi ana ndi mlandu. Nchabwino kuti mafumu ndi atsogoleri a miphakati alidziwe ndi kulikumbutsa pa maliro. Koma Mkristu sayenera kulindira wapolisi. Inu amalume, inu achimwene a malemu, tamvani: ngati mukhulupiriradi kuti mbale wanu ali moyo pamaso pa Mulungu, ndi kuti mudzaonana nayenso, mudzampenya bwanji kumaso mutasasula malata pamutu pa ana ake? Mupereka Misa yomupempherera ndi dzanja lamanja, ndi dzanja lamanzere mulanda khasu la mkazi wake. Kodi Misa yotere Mulungu aiona bwanji? Mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo chaona mnzako chapita, mawa chiri pa iwe.

Ndipo inu abambo ndi amai amene mukali amphamvu, musaope kukonzeratu za chuma chanu ndi kuzilembetsa pamaso pa mboni. Kulemba sikuitana imfa, monganso kumanga nkhokwe sikuitana njala. Ndi chikondi chotsiriza chimene mungachitire ana anu, kuti asadzadane pa manda anu.

Pa ngongole ndi pa mkwiyo

Chiphunzitso cha Purigatorio chitiuza kuti tinthu tating'ono tiri ndi kulemera kwake. Malire a munda amene munasuntha pang'ono chaka ndi chaka, muyeso wopunguka pogulitsa nyemba, ganyu amene simunamlipire mokwanira, mau aukali amene munanena kwa mkazi wanu osapepesa: zonsezi zidzafuna kukonzedwa, kuno kapena uko. Ndipo kukonza kuno nkwapafupi, pakuti kuno muli nayo miyendo yopitira kwa mnzanu ndi manja obwezera. Gogo wa dengu uja anadziwa ichi. Chifukwa chake banja lachikristu lisagone ndi mkwiyo. Mwamuna ndi mkazi akayambana masana, ayanjane nyali isanazime, pakuti palibe amene analonjezedwa m'mawa.

Musayese kuti kukumbukira imfa kuchititsa munthu ulesi kapena nkhope yakugwa. Iai ndithu. Mlimi amene adziwa kuti kudzakhala kukolola ndiye alawirira kumunda. Nkhalamba imene ibzala mtengo wa mango umene siidzadya zipatso zake, mai amene alera mwana wa mbale wake womwalira ngati wake, mnyamata amene akana chiphuphu pamene palibe womuona: onsewa akhala chomwecho chifukwa adziwa kuti palibe chabwino chimene chitayika. Kupatsa nkuika, ndipo nkhokwe ya Kumwamba iribe anankafumbwe.

Zochita mwezi uno

Potsiriza, ndipempha banja liri lonse lichite zinthu zinai mwezi uno usanathe.

Choyamba, madzulo ali onse, mutatha kudya, tchulani maina a akufa a pabanja panu mmodzi mmodzi, ana akumva, ndipo muwanenere gawo limodzi la Korona. Onjezani pemphero la mizimu imene iribe woikumbukira. Motero ana adzadziwa mtundu wao, nadzaphunzira kutchula akufa mopanda mantha.

Chachiwiri, pitani kumanda, mutagwirizana ndi amfumu monga mwa mwambo wa mudzi, mukalambule ndi kupemphera. Eklezia apatsa chikhululukiro cha zilango, chothandiza mizimu ya m'Purigatorio, kwa amene ayendera manda ndi kupempherera akufa kuyambira pa 1 mpaka pa 8 Novembala, ngati alapa, alandira Ukaristia ndi kupempherera zofuna za Papa.

Chachitatu, monga anachitira amonke a ku Cluny, phatikizani pemphero ndi chifundo. Pafupi ndi inu pali wamasiye amene munda wake sunaungidwe mizere, ndi mvula iri pafupi. Tengani makasu, inu a mphakati, mukamlimire m'dzina la akufa anu.

Chachinai, ali yense adzifunse yekha usiku: kodi ndiri ndi dengu la yani? Ndipo likapezeka, libwezedwe Adventi asanafike.

Mwezi wa mawa, Mulungu akalola, tidzakamba za kukonzekera Kubadwa kwa Ambuye m'nyumba zimene ufa wayamba kuchepa. Amai Maria, amene anaima patsinde pa mtanda nalandira mtembo wa Mwana wao, atonthoze onse amene alira chaka chino. Mundikumbukire inenso m'mapemphero anu, lero ndi pa tsiku limene dzina langa lidzalowa pa mndandanda wa mwezi uno.

Tsalani ndi mtendere wa Ambuye.

Ndine mnzanu wa pa Mishoni.